Kubweza Katundu Wogula pa Intaneti: Ndalama Yotumizira Imabwera Kapena Ayi? Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akabweza katundu wogula pa intaneti kenako n'kupeza kuti ndalama yabwera yoperewera. Kawirikawiri yoperewerayo imakhala yotumizira. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo mayankho ambiri pano atsamira pa malamulo a mayiko a European Union (EU) ndi a ku Britain chifukwa ndiwo amatchula nkhaniyi mosapsatira. Za mayiko ena zili ndi funso lakelake chakumapeto.

Ndikabweza katundu, kodi wogulitsa ayenera kundibwezeranso ndalama imene ndinalipira kuti andibweretsere?

Inde. M'mayiko a EU ndi ku Britain, munthu amene wagula chinthu pa intaneti kwa wabizinesi ali ndi masiku 14 oti asinthe maganizo popanda kupereka chifukwa. Akatero n'kubweza katundu yense, wogulitsa ayenera kubweza ndalama zonse zimene analandira: mtengo wa katunduyo pamodzi ndi ndalama yobweretsera.

Pali zinthu zingapo zimene zimachepetsa ufuluwu, monga kusankha njira yobweretsera mwachangu, kubweza gawo chabe la katundu, kapena kugula zinthu zimene lamulo linazipatula. Chilichonse mwa izi chili ndi funso lake m'munsimu.

Anthu ena amati wogula ndiye amalipira. Zoona ndi ziti?

Onse akunena zoona, kungoti akukamba za ndalama ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yobweretsera, imene munalipira pogula kuti phukusi lichoke kwa wogulitsa kufika kwa inu. Yachiwiri ndi yobwezera, imene imafunika kuti phukusilo libwerere kumene linachokera.

Mukangosintha maganizo, lamulo limagawa mtolo pakati: yobweretsera ndi ya wogulitsa, yobwezera nthawi zambiri ndi yanu. Koma ngati katunduyo ali ndi vuto, zonse ziwiri ndi za wogulitsa. Mikangano yambiri imayamba chifukwa wogwira ntchito pakampani wasokoneza ziwirizi, n'kuyankha kuti "yotumizira sitibweza" pamene lamulo limamulola kukana yachiwiri yokha. Ndiye polemba madandaulo, tchulani bwinobwino ndalama imene mukufuna komanso chifukwa chimene mwabwezera katunduyo.

Lamulo limeneli linalembedwa pati?

Ku EU lili mu Consumer Rights Directive ya 2011, nambala 2011/83/EU, imene inayamba kugwira ntchito pa 13 Juni 2014. Gawo 13 limanena za zimene wogulitsa ayenera kubweza, ndipo gawo 14 limanena za udindo wa wogula. Ku Britain zomwezo zili mu Consumer Contracts Regulations 2013, makamaka ndime 34 ndi 35. Dzikolo litatuluka mu EU malamulowa sanafafanizidwe.

Nkhaniyi inayamba yafika kukhoti lamulo la 2011 lisanakhalepo. Kampani ya ku Germany yogulitsa katundu potumiza, ya Heinrich Heine, inkalipiritsa mayuro 4.95 obweretsera ndipo sinkawabweza munthu akasintha maganizo. Bungwe loteteza ogula la m'chigawo cha Nordrhein-Westfalen linasuma, ndipo pa 15 Epulo 2010 khoti lalikulu la EU ku Luxembourg linagamula kuti wogula sangasenzetsedwe ndalama imeneyi. Maganizo a oweruza anali omveka: ngati munthu ataluza yobweretsera n'kulipiranso yobwezera, ambiri angaope kubweza katundu, ndipo ufuluwo ungakhale wa papepala chabe. Komanso wogulitsa pa intaneti amapulumutsa ndalama posachita lendi sitolo, choncho si zachilendo kuti asenzeko gawo la mtolo wa mayendedwe.

Chifukwa chachikulu cha ufulu wonsewu n'chakuti wogula pa intaneti amalipira chinthu chimene sanachigwire. Amadalira chithunzi ndi mawu a wogulitsa. Masiku 14 aja alowa m'malo mwa mphindi zimene munthu amatembenuza nsapato m'manja mwake ali musitolo.

Ndinalipira ndalama yowonjezera kuti phukusi lifike mawa lake. Kodi andibwezera yonse?

Ayi. Wogulitsa amangokakamizidwa kubweza mtengo wa njira yake yanthawi zonse yotsika mtengo kwambiri. Tiyerekeze kuti njira wamba inali ya mapaundi 4 ndipo inu munasankha yachangu ya mapaundi 10. Mulandira 4, ndipo 6 yotsalayo yapita. Ngati njira wamba inali yaulere, ndiye kuti pa yobweretsera simulandira kanthu.

Zimasintha ngati liwiro limene munalipirira silinachitike. Mukalipira kuti lifike mawa koma n'kufika patatha sabata, wogulitsa sanakwaniritse zimene munagwirizana, ndipo muli ndi maziko olimba ofunira ndalama yowonjezerayo ngakhale mutasunga katunduyo.

Nanga yobwezera phukusi, ndi nthawi ziti pamene sindiyenera kulipira ndine?

Pali nthawi zitatu. Yoyamba, wogulitsa akalonjeza yekha kuti kubweza n'kwaulere. Lonjezo lotere limakhala gawo la mgwirizano wanu, ndipo sangalisinthe mutagula kale. Yachiwiri, ngati sanakuuzeni musanagule kuti yobwezera idzakhala yanu. Yachitatu, ngati katunduyo ali ndi vuto, zimene zafotokozedwa m'funso lotsatira.

Yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri saidziwa. Lamulo limafuna kuti wogulitsa anene poyera, malonda asanachitike, kuti wogula ndiye adzalipira yobwezera. Akakhala chete pa mfundo imeneyi, mtengowo umagwera iye. Kukuuzani pambuyo, phukusi lili kale m'manja mwanu, sikuwerengedwa. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga imelo yotsimikiza oda ndiponso kujambula tsamba la malamulo obwezera katundu tsiku limene mukugula, popeza masamba amenewa amasinthidwa nthawi iliyonse.

Zaka zapitazi makampani angapo akuluakulu a zovala ayamba kulipiritsa anthu obweza katundu kudzera pa positi, ndipo amachotsa ndalamayo pa zimene akubweza. Zimenezi n'zololedwa ngati ananeneratu. Koma sizikhudza yobweretsera ija. Mukabweza zonse m'masiku 14, iyo ibwerebe.

Katundu wafika wowonongeka, kapena si amene ndinaitanitsa. Apa zimakhala bwanji?

Apa simukusintha maganizo. Wogulitsa ndiye walephera kupereka zimene analonjeza, ndipo simuyenera kuluza ngakhale pang'ono. Izi zikukhudza katundu wosweka, wosagwira ntchito, wosiyana ndi mmene anamufotokozera, kapena wolakwika mtundu ndi saizi chifukwa cha kulakwitsa kwa wolongedza.

Ku Britain, Consumer Rights Act 2015 imakupatsani masiku 30 okanira katundu wotereyu n'kulandira ndalama zonse, ndipo wogulitsa ndiye amalipira mtengo woyenera wobwezera. Masiku 30 akadutsa, wogulitsa amapatsidwa mwayi wokonza kapena kusintha katunduyo, koma pa ndalama zake, kuphatikizapo ya positi. Vuto likaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, lamulo limaganiza kuti linalipo kuyambira pachiyambi, ndipo wogulitsa ndiye ayenera kutsimikiza kuti sizinali choncho. Ku EU chitetezo cha lamulo ndi cha zaka zosachepera ziwiri, kukonza kapena kusintha kumakhala kwaulere, ndipo kuyambira mu 2022 nthawi imene vuto limaganiziridwa kuti linalipo kale ndi yosachepera chaka chimodzi.

Chenjezo limodzi lofunika kwambiri: masitolo ambiri a pa intaneti amakupatsani mndandanda wa zifukwa zobwezera kuti musankhepo. Anthu amangodina choyamba chimene aona, monga "sindikuchifunanso", pofuna kuthana nazo msanga. Mukatero, kompyuta ya kampaniyo imakuikani m'gulu la osintha maganizo ndipo imakudulani yobwezera. Sankhani chifukwa chenicheni, jambulani vutolo pamodzi ndi katoni yake musanatumize, ndipo lembani mawu ochepa ofotokoza. Ngati mwalipira nokha positi, sungani lisiti n'kuitanitsa ndalamayo. Musasankhe njira yodula mopitirira muyezo, chifukwa lamulo limanena za mtengo woyenera.

Masiku 14 amayamba kuwerengedwa liti?

Amayamba tsiku lotsatira tsiku limene inu, kapena munthu amene munamutchula, walandira katunduyo. Sayamba tsiku logula. Ngati oda imodzi yabwera m'maphukusi angapo pa masiku osiyana, kuwerenga kumayambira pa phukusi lomaliza. Ku EU, tsiku lomaliza likagwera Loweruka, Lamlungu kapena tsiku la tchuthi, nthawiyo imafika tsiku lantchito lotsatira.

Pali masiku 14 awiri, ndipo ndi bwino kusawasokoneza. Oyamba ndi ouzira wogulitsa kuti mwasintha maganizo. Achiwiri amayamba mukamuuza, ndipo ndi otumizira katunduyo. Chofunika n'chakuti phukusi linyamuke nthawiyo isanathe, osati kuti lifike.

Ngati wogulitsa sanakuuzeni n'komwe kuti muli ndi ufulu wosintha maganizo, nthawiyo imatalika ndi miyezi 12. Muthanso kuthetsa oda katundu asanafike. Simufunika kudikira kuti phukusi ligogode pakhomo.

Kodi ndingangokana phukusi pakhomo, kapena kungolitumiza osanena kanthu?

Musatero. Lamulo limafuna mawu omveka osonyeza kuti mukuthetsa mgwirizano. Phukusi lobwerera lokha lopanda uthenga likhoza kutanthauza zinthu zambiri: adiresi yolakwika, munthu sanapezeke, kapena akufuna kusinthitsa. Wogulitsa angathe kunena kuti sanauzidwe, masiku n'kutha.

Imelo yachidule ndi yokwanira: dzina lanu, nambala ya oda, tsiku limene munalandira, ndi chiganizo chonena kuti mukuthetsa mgwirizano ndipo mukufuna ndalama zonse kuphatikizapo yobweretsera. Foni ndi yololedwa, koma udindo wotsimikiza kuti munanena uli pa inu, choncho cholembedwa ndiye chabwino. Wogulitsa akhoza kukhala ndi fomu yake, koma sangakane uthenga wanu chifukwa choti simunaigwiritse ntchito. Sangakukakamizeninso kupereka chifukwa.

Ndalama zanga zibwera liti, ndipo kodi angandipatse vocha m'malo mwa ndalama?

Ku EU wogulitsa ali ndi masiku 14 kuchokera pamene mwamuuza, koma amaloledwa kugwira ndalamayo mpaka atalandira katundu kapena umboni woti mwatumiza, chilichonse chimene chayamba kufika. Ku Britain masiku 14 amawerengedwa kuchokera pamene wogulitsa walandira katunduyo kapena umboniwo. Mawu akuti "chimene chayamba kufika" ndi othandiza kwa inu: mukangotumiza, m'patseni chithunzi cha lisiti yapositi, ndipo sangapitirize kunena kuti akudikira phukusi.

Ndalama iyenera kubwerera njira imene inadzera. Munalipira pa khadi, ibwerere pa khadi. Vocha, yomwe ndi chikalata chogulira katundu wina musitolo yomweyo, ndi yololedwa pokhapokha inuyo mwavomera momveka, kapena ngati munagula ndi vocha. Ena amabweza mtengo wa katundu pa khadi koma yobweretsera n'kuisandutsa vocha. Zimenezo si zimene lamulo limanena, ndipo mungakane. Sayeneranso kukudulani kalikonse chifukwa cha ntchito yobweza ndalamayo.

Ndinagula zinthu zinayi, ndabweza ziwiri. Kodi yobweretsera ibwera?

Kawirikawiri ayi. Malamulo amakamba za kuthetsa mgwirizano wonse, ndipo sanena mwachindunji za kubweza gawo. Ogulitsa ambiri amati phukusi likanabwerabe ndi zinthu ziwiri zimene mwasungazo pa mtengo womwewo, ndiye palibe chimene mwaluza. Mfundo imeneyi ndi yovuta kuitsutsa ngati yobweretsera inali imodzi pa oda yonse.

Koma ngati ankalipiritsa pa chinthu chilichonse payekha, kapena potengera kulemera, mungafunse gawo la zinthu zimene mwabwezazo. Chimodzimodzi ngati chinthu chimodzi chachikulu ndicho chinakweza mtengo wobweretsera ndipo n'chimene mwabweza.

Palinso nkhani ya kubweretsa kwaulere mukagula zopitirira mtengo winawake. Mukabweza zina n'kutsikira pansi pa mtengowo, ogulitsa ena amakudulani yobweretsera imene poyamba sanalipiritse. Onani ngati zimenezi zinalembedwa m'malamulo awo pa nthawi yogula. Ngati sizinalembedwe, muli ndi chifukwa chokanira. Ndipo ngati mwabweza zinthu ziwirizo chifukwa zinali ndi vuto, sayenera kukudulani n'komwe.

Ndinatsegula katoni n'kuyesa chinthucho. Kodi ndataya ufulu wanga?

Simunataye. Mumaloledwa kuchiona ndi kuchiyesa monga mmene mukanachitira musitolo: kuvala jekete kuti muone ngati ikukwana, kuyatsa wailesi kuti mumve mawu ake. Chimene simuloledwa ndi kuchigwiritsa ntchito kopitirira apo, monga kuvala jeketeyo ku phwando. Ngakhale mutapitirira, wogulitsa sangakane kulandira katunduyo. Angangochotsa ndalama yolingana ndi mmene mtengo wake watsikira, ndipo ayenera kutha kufotokoza mmene wawerengera. Ngati sanakuuzeni za ufulu wanu wosintha maganizo, sangachotse chilichonse.

Khoti la EU linaonetsa kukula kwa ufuluwu mu Malichi 2019, pa mlandu wa munthu amene anagula matiresi pa intaneti kwa kampani ya slewo n'kuchotsa pulasitiki yake. Wogulitsa ankati matiresi otsegulidwa sangabwezedwe pa zifukwa za ukhondo. Oweruza anati matiresi akhoza kuyeretsedwa n'kugulitsidwanso monga zovala, choncho wogulayo anali ndi ufulu wobweza.

Ndalama zina zimene ogulitsa amazitcha zobwezeretsera katundu pashelefu kapena zoyendetsera ntchito n'zosaloledwa pa munthu amene akugwiritsa ntchito masiku 14 ake.

Ndi katundu uti amene alibe ufulu wa masiku 14?

Zinthu zopangidwa potsatira zofuna zanu, monga makatani osokedwa pa muyezo wanu kapena mphete yolembedwa dzina. Zinthu zosachedwa kuwonongeka, monga maluwa ndi zakudya zaziwisi. Zinthu zomatidwa pa zifukwa za ukhondo kapena zaumoyo mukazimatula. Ma CD, ma DVD ndi mapulogalamu a kompyuta omatidwa mukawamatula. Nyuzipepala ndi magazini ogula kamodzi. Matikiti a ndege, malo ogona ndi zochitika za tsiku lodziwika nazonso zili kunja.

Kupatulidwa kumeneku kumangokhudza kusintha maganizo. Makatani osokedwa molakwika muyezo umene munapereka ndi katundu wa vuto, ndipo funso la katundu wowonongeka lija ndilo likugwira ntchito.

Pa webusaiti yawo analemba kuti "ndalama yotumizira sibwezedwa". Ndinadina kuvomera. Kodi ndadzimanga?

Ayi. Malamulo a sitolo sangachepetse ufulu umene lamulo la dziko lapereka, ndipo chiganizo chilichonse chofuna kutero sichikumangani ngakhale munachivomera. Sitolo ikhoza kuwonjezera, koma singachotse.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri osamala. Sitolo ikhoza kunena kuti imalandira katundu wobwezedwa mpaka masiku 30 kapena 60. Masiku 14 oyambirira ndi a lamulo, ndipo yobweretsera imabwera. Masiku otsalawo ndi mphatso ya sitolo, ndipo pa mphatso yake ikhoza kuika malire amene ikufuna: kusabweza yobweretsera, kupereka vocha yokha, kufuna kuti zikwangwani za mtengo zikhale zosachotsedwa. Munthu amene wauza sitolo pa tsiku la 12 ndi amene waiuza pa tsiku la 20 ali m'magulu awiri osiyana, ngakhale onse "abweza pa nthawi yake". Ndiye ngati mukudziwa kuti chinthucho simuchisunga, tumizani uthenga uja msanga, ndipo munene kuti mukugwiritsa ntchito ufulu wanu wa m'lamulo.

Nanga katundu wamkulu ngati firiji kapena sofa, amene sangapite pa positi?

Ufulu ndi womwewo, koma yobwezera ikhoza kukhala yokwera kwambiri. Pa chifukwa chimenechi lamulo limafuna kuti wogulitsa akuuzeni musanagule mtengo wobwezera katundu wotere, kapena chiyerekezo chake ngati sungadziwike ndendende. Akapanda kutero, amalipira yekha. Musanagule chinthu cholemera, fufuzani chiwerengero chimenechi. Safunsa anadya phula, ndipo pa sofa phulalo likhoza kukhala gawo lalikulu la mtengo wake.

Ngati wogulitsa analonjeza kudzatenga yekha, simufunika kufunafuna galimoto. Udindo wanu ndi kuonetsetsa kuti katunduyo akupezeka pa tsiku limene mwagwirizana.

Phukusi silinafike n'komwe, kapena lasowa pobwerera. Woluza ndani?

Pobwera, katundu amakhala m'manja mwa wogulitsa mpaka atafika kwa inu kapena kwa munthu amene munamusankha. Likasowa panjira, kapena wonyamula akalisiya pamalo amene simunavomereze n'kubedwa, wogulitsa ndiye ayenera kuthana ndi kampani yonyamula katunduyo. Inu mgwirizano wanu uli ndi wogulitsa. Zimasiyana pokhapokha ngati munapeza nokha wonyamula amene wogulitsa sanamutchule.

Ngati simunagwirizane tsiku, katundu ayenera kufika pasanathe masiku 30. Akachedwa, m'patseni nthawi ina yoyenera molemba. Ikadutsanso, mungathetse mgwirizano n'kulandira zonse, kuphatikizapo yobweretsera yonse. Ngati tsikulo linali lofunika kwambiri ndipo wogulitsa ankadziwa, monga diresi la ukwati, simufunika kupereka nthawi yowonjezera.

Pobwerera, chida chanu ndi umboni wotumizira. Ngati wogulitsa wakupatsani chikalata chake chomata paphukusi, chigwiritseni ntchito, chifukwa wonyamulayo amakhala wosankhidwa ndi iye. Ngati mukutumiza nokha, sankhani njira yokhala ndi nambala yolondolera phukusi, ndipo pa katundu wodula onjezani inshulansi. Musachoke pakauntala opanda lisiti.

Ndinagula pa msika wa pa intaneti monga eBay, Amazon kapena Facebook Marketplace. Malamulo ndi omwewo?

Zimadalira amene wakugulitsani. Ngati ndi wabizinesi, malamulo onsewa akugwira ntchito, ndipo udindo ndi wa wogulitsayo ngakhale malondawo adutsira pa msika wa kampani ina. Ngati ndi munthu wamba amene akugulitsa katundu wake wakale, ufulu wa masiku 14 kulibe. Chimene ayenera kuchita ndi kupereka chinthu chogwirizana ndi mmene anachifotokozera.

Misika yambiri ili ndi ndondomeko zakezake zotetezera ogula, ndipo nthawi zambiri ndiyo njira yachangu. Werengani malire a masiku ake, chifukwa amasiyana ndi a lamulo.

Kunja kwa EU ndi Britain zili bwanji?

Ku South Africa, gawo 44 la Electronic Communications and Transactions Act ya 2002 limapereka masiku 7 kuchokera pamene mwalandira katundu. Ndalama yokhayo imene mungalipiritsidwe ndi yobwezera, ndipo wogulitsa ayenera kubweza ndalama zanu m'masiku 30. Pa katundu wa vuto, Consumer Protection Act ya 2008 imapereka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kubwezako kumakhala pa ndalama za wogulitsa.

Ku Brazil, lamulo loteteza ogula la 1990 limapereka masiku 7 ndi kubwezeredwa zonse zimene munalipira. Ku China, kuyambira mu Malichi 2014 wogula pa intaneti ali ndi masiku 7 obwezera popanda chifukwa, ndipo yobwezera ndi yake pokhapokha atagwirizana zina.

Ku United States kulibe lamulo la dziko lonse lopatsa wogula pa intaneti ufulu wosintha maganizo, choncho malamulo a sitolo ndiwo amalamulira. Chimene chilipo ndi lamulo la bungwe la boma loona za malonda la Federal Trade Commission loti katundu atumizidwe pa nthawi yolonjezedwa, kapena m'masiku 30 ngati nthawi sinatchulidwe, apo ayi wogula apatsidwe mwayi wothetsa oda n'kulandira ndalama zake. Ku Australia nakonso kusintha maganizo sikutetezedwa, koma katundu wa vuto ndi wotetezedwa.

Ndinagula kwa wogulitsa wa kudziko lina. Ndi lamulo liti limene likunditeteza, nanga msonkho ubwera?

Wogulitsa amene amalunjika malonda ake kwa anthu a ku EU kapena ku Britain, mwachitsanzo polemba mitengo m'ndalama zawo ndi kutumiza kumeneko, amayenera kutsatira chitetezo cha ogula cha kumeneko. Vuto limakhala kumukakamiza ali kutali. Komanso yobwezera kupita kutsidya la nyanja ikhoza kuposa mtengo wa chinthucho. Musanagule, onani adiresi yobwezera katundu. Sitolo ikhoza kuoneka ngati ya pafupi pomwe nkhokwe yake ili ku kontinenti ina.

Msonkho umene munalipira pa kasitomu sunapite kwa wogulitsa, ndiye sangaubweze iye. Umaitanitsidwa ku bungwe lotolera misonkho la dziko limene katunduyo analowa, ndipo amafuna umboni woti watulukanso. Ngati msonkhowo unaphatikizidwa pa mtengo pogula, ubwere limodzi ndi ndalama zina kuchokera kwa wogulitsa.

Ndi ndalama yochepa. Kodi n'koyenera kuvutikira?

N'koyenera. Kwa munthu mmodzi ndi mapaundi atatu kapena anayi, koma kampani yogulitsa kwa anthu masauzande ambiri imapeza phindu lalikulu ngati aliyense angoti "zisiyeni". Ndalamayo ndi yanu mwalamulo, ndipo nthawi zambiri imelo imodzi yotchula lamulo ndi yokwanira. Amene amaluza kwambiri pa kachitidwe kameneka ndi anthu opeza movutikira, amene amagula zinthu zotsika mtengo pomwe yobweretsera ikhoza kukhala gawo lalikulu la zonse zimene alipira.

Wogulitsa wakanitsitsa. Ndichite chiyani?

Yambani ndi kalata kapena imelo yodekha. Lembani nambala ya oda, tsiku lolandira, tsiku limene munanena kuti mwasintha maganizo, kuchuluka kwa ndalama yotsala, ndi lamulo limene mukudalira, monga ndime 34 ya Consumer Contracts Regulations 2013 kapena gawo 13 la Directive 2011/83/EU. Perekani tsiku lomalizira. Ngati woyankha makasitomala akungobwereza malamulo a sitolo, pemphani kuti nkhaniyo ipite kwa oona madandaulo.

Zikakanika, pitani kwa amene munalipirira. Makhadi a Visa ndi Mastercard ali ndi njira yobwezetsa ndalama yotchedwa chargeback, imene banki yanu imayendetsa, ndipo nthawi zambiri malire ake ndi masiku 120, choncho musazengereze. Mungafune gawo lotsalalo lokha, osati ndalama yonse. Ku Britain, ngati munalipira ndi khadi la ngongole chinthu cha mtengo wopitirira mapaundi 100 koma wosaposa 30,000, gawo 75 la Consumer Credit Act 1974 limachititsa kampani ya khadiyo kukhala ndi udindo wofanana ndi wa wogulitsa.

Uphungu waulere umapezeka ku Citizens Advice ku Britain, ku European Consumer Centres Network pa malonda odutsa malire a mayiko a EU, komanso ku National Consumer Commission ndi Consumer Goods and Services Ombud ku South Africa. Chomalizira ndi khoti la milandu ing'onoing'ono, limene ku England ndi Wales limaweruza milandu yofika mapaundi 10,000, pomwe njira ya EU ya milandu yodutsa malire imafika mayuro 5,000. Musanasume, tumizani kalata yochenjeza kuti mukupita kukhoti, ndipo yerekezani ndalama yolembetsera mlandu ndi imene mukuifunayo.